Maliro Obwereka ku Kanyama

Ku Kanyama munthu salira yekha. Ukangotulutsa mfuu imodzi ya maliro, usanapukute n'komwe misozi, upeza azimayi adzaza kale pakhomo, zitenje zili m'chiuno, wina wasenza mpando wako akutuluka nawo panja. Safunsa kuti wamwalira ndani. Zimenezo amafunsa pambuyo, mipando itatuluka yonse, mphasa zitayalidwa, azibambo atayamba kukokera chitsa pabwalo kuti asonkhe moto. Ine ndakhala m'komboni muno kuyambira ndili mtsikana wongochoka kumene ku Katete, ndipo mipando ya eni ndaisenza mpaka msana uwu unapindika. Mwambowu sindiunyoza ayi. Amuna anga atamwalira ndiwo unandigwira kuti ndisagwe. Koma chaka china unaika moyo wa mwana wa munthu pa ngozi, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti zinatha bwanji.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli kachipinda kamene amuna anga anamanga kuti kadzakhale sitolo, sitoloyo osatheka. Ndimachititsa lendi. Mwadutsa anthu ambiri mmenemo, oledzera, omenyana, wina mpaka ankaweteramo nkhuku. Ndiye pamene mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandibweretsera mzimayi wofatsa, wachikwama chimodzi chamizeremizere, ndinati Mulungu wandikumbukira. Inali nthawi ya mvula, madzi ali m'akakolo, tikudumpha pa mabuloko kuti tifike kuchimbudzi. Mzimayiyo anayang'ana madziwo, anayang'ana denga lodontha, n'kunena kuti zili bwino. Anali wa msinkhu wa mng'ono wanga. Zala ziwiri za dzanja lake lamanzere zinali zokhota, sizinkapindika.

Ine ndimagulitsa kumsika zovala za salaula, zakale zija zobwera m'mabelo kuchokera kunja. Mlendo wanga sankafuna kutuluka, choncho tinagwirizana kuti azichapa ndi kusita zovalazo pakhomo, ine ndizikagulitsa. Ankasita ndi simbi ya makala, poti magetsi kuno amabwera ngati mlendo wa manyazi. Anthu oyandikana nafe anaganiza okha kuti ndi mlamu wanga wochokera kutali kumalire, kumene Chinyanja sachidziwa bwino. Ankamutchula kuti ba sisi a kuseri. Ine sindinawatsutse, sindinawauzenso kanthu, chifukwa nanenso sindinkadziwa kanthu.

Koma makutu ndili nawo. Lilime lake ndinalizindikira kuti ndi la kutsidya kwa malire, dziko lija la nkhondo imene siikutha. Anthu a kumeneko ndi ambiri m'Kanyama muno. Ena ali ndi timashopu, ena amameta tsitsi, ena amagulitsa nsomba zouma. Ndinamuuza kuti tiyeni ndikakuonetseni anthu a kwanu. Anakana. Patapita masiku ndinanenanso, anakananso. Ine mtima wanga ndi wapachala, anthu onse amadziwa. Tsiku lina ndinamupeza akusita, ndinaima pakhomo manja m'chiuno.

"Asisi, kwathu munthu wothawa anthu ake amakhala mfiti kapena mbava. Inu ndinu uti? Ndiuzeni lero ndidziwe amene ndikugona naye mpanda umodzi."

Anaika simbi pa mwala, n'kutseka chitseko. Anayankhula pang'onopang'ono, akusaka mawu a Chinyanja limodzi limodzi.

Anati kwawo anali loya. Nkhondo yawo ndi yapachiweniweni, boma kumenyana ndi zigawenga, onse ana a dziko limodzi. Asilikali a boma ankagwira anyamata m'midzi n'kumati ndi zigawenga. Zigawenga nazo zinkagwira anyamata n'kumati ndi akazitape a boma. Amayi a anyamatawo ankafika ku ofesi kwake, wina atanyamula chithunzi, wina malaya okha. Iye ankapita kukhoti kukanena kuti tulutsani munthuyo, ngati munamupha tulutsani mtembo amayi ake akaike. Ntchito yake inali imeneyo basi, ndipo mbali zonse ziwiri zinamuda chimodzimodzi. Anayamba ndi kumuopseza pa foni. Kenako anatentha ofesi. Kenako anamugwira n'kumutsekera m'nyumba ina kwa masabata, ndipo zala zija anazipanira pa chitseko.

Atamutulutsa anathawa. Basi imene anakwera inatenthedwa pa msewu anthu ali momwemo, koma iye anali atatsika kale m'njira. Dzina lake analiwerengera pamodzi ndi akufa. Amayi ake ndi mchimwene wake anadziwa kuti ali moyo, koma anazisiya choncho. Anachita maliro opanda mtembo, amayi ake n'kulira pamaso pa mudzi wonse.

"Ndili ndi mwana wamkazi," anatero. "Akumulera mchimwene wanga. Adani anga akangomva kuti ndili moyo, sabwera kuno kudzandifuna. Apita kukatenga mwanayo, kuti ine ndibwerere ndekha. Anthu a kwathu ali muno ambiri ndi abwino. Koma kuti ndiululike pakufunika mmodzi yekha wokhala ndi foni."

Ndinakhala pa ndowa. Ndisaname, chifundo sichinayambe kubwera, unayamba ndi mkwiyo. Ine ndinkafuna munthu wa lendi, osati nkhondo ya eni. Mavuto anga anali ondikwana kale, madzi osefukira, kolera chaka ndi chaka, mabelo a salaula odzaza nsanza. Ndinamuuza zonsezo, iye akungomva. Nditamaliza kulalata ndinamufunsa ngati wadya, ndipo anati ayi.

Tinakhala choncho mvula zingapo. Palibe chokoma choti ndinene za zaka zimenezo, kunali kungotopa. Ine kumsika m'mawa, kubwera madzulo miyendo itatupa. Iye kuchapa, kusita, kupinda, osadutsa mpanda. Anali ndi kafoni kakang'ono kamene ankakasunga m'sokosi, ndipo kankalira mwina kamodzi pa miyezi ingapo, mchimwene wake akabwereka foni ya munthu wina. Akatha kuyankhula ankandiuza kuti mwana watalika, kapena kuti mwana anadwala malungo koma wachira. Mawu a mwanayo sanawamvepo, chifukwa mwanayo ankadziwa kuti amayi ake anafa.

Nthawi ina apolisi anakokolola anyamata ku komboni ya Chibolya, n'kutengera kumodzi mwana wa mnansi wanga, amake mapasa, amene amakhala kutsidya kwa ngalande. Mnyamatayo ankangodutsa. Amake analira pabwalo langa tsiku lonse. Mlendo wanga anamva zonse ali kuseri. Amake mapasa atachoka, iye anandiitana n'kundiphunzitsa zoti ndikanene kupolisi, ndikafunse ndani, ndikakane chiyani. Ndinapita ndi amake mapasa n'kukazinena ngati nzeru zanga, ndipo mnyamatayo anatuluka. Komboni yonse inati mayi wa salaula uja ndi wochenjera. Ndinabwera kunyumba ndikuseka, koma mlendo wanga ndinamupeza atangokhala, simbi itazima. Anati chimene chimamutopetsa si kusita ayi, koma kukhalira manja ake pamene akudziwa chochita.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la m'nyengo yotentha, mvula isanagwe, fumbi lili m'mano. Unali m'mawa, ndikumanga mtolo woti ndipite nawo kumsika. Ndinamva kafoni kaja kakulira kuseri. Kenako zii. Kenako mfuu imodzi, yaitali, yochokera pansi pa mimba. Ndinathamangira kuseri n'kumupeza atagwada, akudzitseka pakamwa ndi chitenje.

"Amayi anga," anatero. "Anawaika dzulo."

Ndisanayankhe ndinamva mapazi kutsogolo. Amake mapasa anali atalumpha kale ngalande, kumbuyo kwawo azimayi ena atatu.

"Ba mayo, ni chani? Ni ndani wamwalira?"

Wina anali atagwira kale mwendo wa sofa wanga. Ndinaima pakati pa khomo, mutu ukuthamanga. Ndikanena kuti amwalira amayi a ba sisi a kuseri, ndiye kuti zatha. Maliro a mlendo amaitanira a kwawo. Ba cheyamani a chigawo chathu akanabwera kudzafunsa kuti kwawo n'kuti, tidziwitse ndani, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anthu a dziko lake akanadzaza bwalo ndi kwaya yawo. Ndikanena kuti palibe chachitika, ndani akanakhulupirira? Mfuu ngati imene ija siituluka chifukwa chopsa ndi simbi. Akanayamba kufufuza, ndipo azimayi a ku Kanyama akafufuza amapeza.

Ndinadzigwetsa pansi n'kuyamba kugubuduka.

"Amayi anga aang'ono ine! Ku Katete ine!"

Amayi aang'onowo anamwalira kalekale, Mulungu awasunge. Munthu wamoyo sindikanamupha ndi pakamwa, ndiye ndinadzutsa wakufa n'kumuphanso. Amake mapasa anandigwira mapewa, koma anandiyang'ana mokayika.

"Koma mawu yaja siyanali yanu, ba mayo."

"Inu mumadziwa mmene ndimalirira amayi anga aang'ono? Munandimvapo?"

Anandisiya n'kukanyamula tebulo. Posakhalitsa nyumba yanga inali mbee, katundu yense ali panja pa fumbi. Anyamata a kutchalitchi anabwera ndi tenti. Azibambo anakhala pa sofa wanga, nsapato zawo zili pa nsalu imene ndinaluka ndekha. Azimayi anabweretsa makala, kabichi, ufa, wina ndowa za madzi. Ndinawauza kuti uthenga wafika mochedwa, anaika kale, choncho ku Katete sindipita, tingokhala masiku awiri kuno. Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku Matero, n'kugwada pafupi nane kundinong'oneza kuti, kodi agogo amenewo si anamwalira ine ndili pa sukulu? Ndinamutsina pa ntchafu, ndipo analira bwino ndithu.

Anthu atakhazikika ndinazemba n'kupita kuseri. Ndinamupeza ali pamene ndinamusiya, chitenje chikadali kukamwa.

"Asisi, dzukani. Maliro ali m'nyumbamo ndi anu, ine ndangobwereketsa dzina. Fundani kumutu, mukhale kumbuyo kwanga, mulire amayi anu mpaka mukhute. Koma mulire m'Chinyanja."

Anadzuka, anafunda chitenje mpaka kumaso, n'kunditsatira.

Tsiku loyamba zinayenda bwino. Anakhala kukhoma kumbuyo kwanga, akulira chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Azimayi ankanong'onezana kuti ba sisi a kuseri ali ndi mtima wabwino, taonani mmene akulirira wachibale wa mlamu wawo. Nanenso misozi yanga sinali yabodza. Ukayamba kulira, zolirira zimabwera zokha. Ndinalira amuna anga, ndinalira miyendo yangayi, ndinalira amayi aang'ono omwewo, amene pa maliro awo enieni ndinafika mochedwa. Ndinatopa mpaka mawu anasasa.

Tsiku lachiwiri masana nyumba inadzaza kwambiri, chifukwa anzanga a kumsika anabwera atatseka malonda. Azimayi a kwaya anaimba nyimbo zingapo n'kupuma. M'kachetechete mmenemo ndinamva kumbuyo kwanga mawu akuyamba pansipansi. Sichinali Chinyanja. Inali nyimbo ya maliro ya kwawo, yokoka, yoitana mayi. Ndinabweza dzanja kumbuyo n'kumutsina, koma sanamve. Ndinayesa kukweza kulira kwanga kuti ndimuphimbe, koma pakhosi panali patauma, panangotuluka mphepo.

Ndiye kuchokera pafupi ndi chitseko, mawu ena anayankha m'chinenero chomwecho.

Anali mayi wogulitsa nsomba zouma, amene benchi lake lili mzere umodzi ndi langa kumsika. Ndi wa dziko lomwelo. Anabwera chifukwa mwana wake atamwalira ine ndinasenza mipando kwake, paja maliro n'kulirana. Anabwera ndi azimayi ena awiri a kwawo. Ine ndinali nditawaona akulowa, koma ndikanawabweza bwanji? Pa maliro sabweza munthu. Nyimbo ija ndi yoti wina akayamba, wina amayankha, ndipo mayi wa nsomba anayankha asanaganize, maso ali chotseka. Mlendo wanga anapitiriza. Mawu ake anakwera, anadzaza nyumba yonse, mawu amene zaka zonsezo sindinkadziwa kuti ali nawo. Chitenje chinatsetsereka kumutu, iye osachigwira. Anakweza manja onse awiri, zala zokhota zija zili poyera.

Anaimba mpaka nyimbo inatha. Azimayi athu anapukuta m'maso n'kumati nyimbo za anthu a kumalire n'zokhudza mtima. Iwo sanaone chilichonse. Ine ndinaona mayi wa nsomba atatsegula maso, akuyang'ana dzanja lija.

Mayi wa nsombayo anandipeza kuseri kwa nyumba ndikusamba m'manja pa diramu. Anayang'ana uku ndi uku asanayankhule.

"Uja ndimamudziwa," anatero. "Anafunafuna mlongo wanga m'makhoti chaka chathunthu, osatilipiritsa. Tinamva kuti anapsa m'basi."

"Mwamufananitsa ndi wina. Uja ndi mlamu wanga."

"Mayi, musavutike. Ine pakamwa panga ndatseka. Koma sindinabwere ndekha. Mmodzi wa aja, mwamuna wake amaimba foni kwathu kawirikawiri, ndipo amene amawaimbirawo sitiwadziwa."

"Nayenso wamuzindikira?"

"Sindidziwa. Anali atawerama."

Ndinamusiya pomwepo n'kulowa m'kachipinda kaja. Mlendo wanga anali atabwerera mmenemo, atakhala pa matiresi, kafoni kali m'manja. Nkhope yake inali yotupa koma yodekha, ngati ya munthu amene malungo amusiya kumene. Anati wamuona mayi wa nsomba, ndipo watumiza kale uthenga kwa mwini foni ija kuti mchimwene wake amuchotse mwana pamudzipo. Ngati uthengawo ufike msanga, sankadziwa.

Ine mantha akandigwira amatuluka ngati ukali. Ndinatseka chitseko n'kuyamba kumukalipira monong'ona.

"Zaka zonsezi mwabisala ngati khoswe, ine ndanama pamaso pa tchalitchi chonse, ndadzutsa akufa, sofa wanga ali pa fumbi. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha. Ndinati mulire m'Chinyanja."

Anandiyang'ana, osakwiya.

"Amayi anga sankamva Chinyanja," anatero.

Ndinakhala pa matiresi pomwepo, mapewa athu atagundana, tikumva azimayi akutsuka mapoto panja. Patapita nthawi anati amayi ake anamulira iye pamaso pa anthu akudziwa kuti ndi bodza, ndipo bodza limenelo analisenza mpaka kumanda osauza munthu. Anati anayesetsa kudzigwira, koma zinakanika. Sanapepese, nanenso sindinafune kuti apepese.

M'mawa mwake linali tsiku losesa nyumba ndi kubweza katundu. Pa nthawi imeneyo pabwalo pamakhala piringupiringu, anyamata akugwetsa tenti, azimayi akufunafuna mapoto awo, amene anagona pamaliro akumanga zitenje zawo kubwerera kwawo. Munthu wotuluka ndi chikwama palibe amamuyang'ana. Mlendo wanga anatuluka pakati pa azimayi a ku Matero amene anabwera ndi mwana wanga, chikwama chamizeremizere chili pamutu. Ine ndinali nditagwira mbali imodzi ya sofa, amake mapasa mbali ina, tikulimbana naye pakhomo. Sindikanamusiya sofayo kuti ndikatsanzike. Ndinangomuona msana akudumpha ngalande, n'kukhota pa kantemba, kashopu kaja ka pakona, kulowera kokwerera minibasi.

Anthu atafunsa ndinati mlamu wabwerera kwawo. Zovala zimene anasita maliro asanayambe zinali zitapindidwa bwino pa mpando, simbi ili pa mwala wake.

Kuyambira tsiku limenelo sindinamvepo kanthu. Mayi wa kutchalitchi amene anamubweretsa uja anasamuka kalekale, ndipo nambala ya kafoni kaja sindinaidziwepo, iye ankati ndi bwino choncho. Sindidziwa ngati uthenga unafika. Sindidziwa ngati mzimayi wowerama uja anaona dzanja, kapena ngati anakauza mwamuna wake. Mwanayo sindinamuonepo ngakhale pa chithunzi, koma ndimamuwerengera zaka. Pano ayenera kuti ndi namwali, ngati alipo.

Mayi wa nsomba akadali pa benchi lake. Timapatsana moni tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ndimamuyang'ana kumaso kuti mwina ndiwerengepo kanthu. Kamodzi kokha, akundipimira kapenta, ananena osandiyang'ana kuti sanamve chilichonse kuchokera kwawo. Ndinamufunsa ngati zimenezo n'zabwino kapena zoipa. Anati kwawo masiku ano palibe amadziwa, n'kundiwonjezera kapenta pang'ono.

Ena akhoza kunena kuti ndikanangomutsekera m'chipinda, alire yekha ndi chitenje kukamwa, mwana akanakhala pabwino. Mwina n'zoona. Ndaziganiza mpaka ndatopa nazo. Koma amene akunena zimenezo sanamve mfuu ija, ndipo sanakhalepo ku Kanyama. M'kachipinda kaja tsopano mukukhala kondakitala wa minibasi amene amatsegula wailesi ngati tonse ndife ogontha. Zovala ndimasita ndekha.

Maliro sanathe m'komboni muno, ndipo ndimapitabe. Koma masiku ano ndikamva mfuu, ndimamanga chitenje, ndimafika pakhomopo, kenako ndimayamba ndaima kaye, kumvetsera ngati mwini kulirayo akufuna kuti timumve. Amake mapasa amati ndakalamba, miyendo yatha. Amandikankhira pambali n'kulowa kukanyamula mpando.